Mazila a Nkhukundembo ya Hellen

Hellen atamwalila mvula ili pakati, Wilbroad Mbewe anatsala ndi mwana mmodzi, nyumba imene anamanga yekha, nkhuku zochepa, ndi nkhukundembo ziwili, yaimuna ndi yaikazi. Anatsalanso pamudzi pa eni. Kwawo kunali ku Katete. Kuno kufupi ndi Minga anabwela kudzakwatila, ndipo anthu ankangomudziwa kuti ndi mwamuna wa Hellen, uja wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango kumsewu. Malungo anamugwila Hellen mwamphamvu, moti pamene ngolo inkafika naye kuchipatala anali atasiya kale kulankhula.

Nyumba ya apongozi ake, amai Ennie Njobvu, inali kuseli kwa nkhokwe, pafupi kwambili moti akatsokomola Wilbroad ankamva. Koma awiliwa anali asanakhalepo pamphasa imodzi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankapatsana ulemu wa patali: akakumana panjila wina ankapatukila m'udzu. Hellen ali moyo, mau onse ankadzela mwa iye. Atapita, mau anayamba kudzela mwa Tasila, mwana wawo wa zaka zinayi.

"Tasila, uwauze atate ako kuti chitseko cha nkhokwe chaguluka," ankatelo amai Ennie, nkhope atalozetsa kumbali, Wilbroad ali chiimile pomwepo.

"Uwauze ambuya kuti ndikonza mailo."

Tasila ankangoyang'ana uku ndi uku, chala chili mkamwa, osabweleza ngakhale liu limodzi. Chitseko chinkakonzedwabe.

A Febian, alongo awo a amai Ennie, ndiwo anali oyang'anila banja. Atakolola chimanga anamuitana Wilbroad namuuza bwinobwino kuti mvula ina isanagwe adzachita mwambo womusudzula, kuti akhale womasuka kubwelela kwawo ndi kukwatilanso. Za Tasila sanatchule, popeza aliyense ankadziwa kuti mwana ndi wa kuchikazi. Wilbroad anaomba m'manja nathokoza. Atafika kunyumba anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka osagwila kanthu.

Dzuwa la Seputembala litayamba kuwawa, amai Keziah Daka, amene anali mnzake wa Hellen kuyambila kusukulu, anafika pamtengo wa mango paja. Anamupeza Wilbroad akumata chubu.

"A Mbewe, mwamva za ku Nyimba? Nkhuku zatha. Chitopa. Anthu akugulitsa zodwala pamsewu, ndipo mailo ndinaona munthu atamanga dengu la nkhuku panjinga akuzungulila m'midzi muno. Matendawa sachedwa kufika."

"Ndamva."

"Hellen akanakhalapo bwenzi titatemela kale."

Hellen ndiye anali wotemela nkhuku pamudzipo. Alangizi a ziweto anamuphunzitsa pamodzi ndi azimai a m'midzi ina, ndipo miyezi ingapo iliyonse ankayenda khomo ndi khomo ndi kabotolo kake. Chimwalilile iye panalibe anatenga ntchitoyo.

"Manje ine ndichitepo chiyani, amai Daka? Ine ndine wa masipoko ndi matcheni."

"Si ndinu munkamunyamula panjinga? Simunkaona?"

Ankaona ndithu, koma ankaonela patali, ali pamthunzi kudikila kuti mkazi wake amalize. Chimene ankakumbukila bwino ndi mmene Hellen ankasekela nkhuku ikamupulumuka.

Azimai anasonkha ndalama, ndipo Wilbroad anapalasa njinga kupita ku Petauke kukatenga katemela. Ku ofesi ya ziweto anapeza mlangizi, mai wamfupi wovala magalasi. Atatchula mudzi ndi dzina la mkazi wake, mlangiziyo anamwetulila.

"Hellen uja woseka uja! Watumiza inu lelo? Mumuuze kuti wachedwa, anzake anatenga kale."

Wilbroad anavula chipewa. "Hellen anatisiya," anatelo. Mlangizi anamuyang'ana, kumwetulila kuja kunatha, ndipo anakoka mpando namukhazika. Kenako maiyo anatuluka, nabwelako atagwila thadzi limene anabweleka kwa mlonda.

"Gwilani apa, bambo. Mapiko pamodzi, mutu muupendeketse. Dontho limodzi m'diso, basi. Mudikile iphethile, dontho lilowe, ndiye muitaye. Zazikulu, anapiye, nkhanga, nkhukundembo, zonse. Koma yodwala kale musaitemele. Katemela sachilitsa, amangotchinga. Ndipo satchinga tsiku lomwelo, amafuna sabata kapena awili. Muwauze anthu zimenezi musanayambe, chifukwa ina ikafa adzati mwapha ndinu."

Anamupatsa kabotolo ka katemela namuuza kuti sikafuna dzuwa. Wilbroad anakakulunga m'nsalu yonyowa, nakaika m'kadengu, ndipo pobwelela ankaima pamjigo uliwonse kunyowetsanso nsaluyo.

Madzulo amai Keziah anayenda m'makomo kuuza anthu kuti m'mawa asatsegulile nkhuku. Kutacha anayamba. Dontho loyamba linagwela pa lipombo la tambala, lachiwili pa chala cha amai Keziah. Koma manja ozolowela tizitsulo tating'ono sanachedwe kugwila nzelu, ndipo pofika khomo lachitatu ntchito inkayenda. Makomo ena anakana. Bambo wina anati nkhuku zake zimamwa madzi a tsabola ndipo sizinafepo. Wilbroad sanatsutse, anangofotokoza zimene anauzidwa napitilila.

Khomo la apongozi analisiya komaliza, akudalila kuti amai Keziah ndiwo adzagwile nkhuku. Koma atatsala pang'ono kufika, kunabwela uthenga woti mbuzi zawo zalowa m'dimba la eni, ndipo amai Keziah anathamangila komweko. Tasila naye anali atapita kumjigo ndi ana anzake. Wilbroad anaima kunja kwa bwalo, kadengu kali m'manja.

Amai Ennie anatsegula chitele, natulutsa thadzi lamawanga. Analigwila manja atatambasula, nkhope ili kumbali. Wilbroad naye anatambasula dzanja ali patali. Nkhuku inagwedeza mutu, dontho linagwela pansi. Anayesanso, linagwela pamlomo.

Amai Ennie anapuma mokoka mpweya. "Iwe nkhuku," anatelo, "muuze munthuyu ayandikile. Mankhwala akutha."

Wilbroad anayandikila. Anatemela nkhuku zonse za pakhomopo, mpaka anapiye.

Kwake anatemela nkhuku zake ndi nkhukundembo yaimuna. Yaikazi panalibe. Inali itasowa kwa masiku, ndipo iye ankaganiza kuti yagwidwa ndi chilombo kapena yabedwa. Sanauze munthu. Zinkamuwawa kuti chiweto chimene Hellen ankachikonda kwambili chasowela m'manja mwake.

Chitopa chinafikadi. Chinayambila kumakomo a kumsewu. Nkhuku zinkazyolika, mapiko ali lende, zina makosi atapindika, m'mawa n'kupezeka zitauma pansi pa chitele. Bambo wa tsabola uja anatsala ndi tambala mmodzi. Mwa zotemela zinafa zowelengeka, ndipo mai wina anamulalatila Wilbroad kumsewu kuti kabotolo kake ndi kamene kanabweletsa matenda. Koma makomo ambili nkhuku zinapitiliza kupalasa, ndipo anthu anayamba kumupatsa moni wina.

Tsiku lina masana, ali pakhonde kukonza pampu, anaona nkhukundembo yaikazi ija ikutuluka m'udzu. Inali yoonda, nthenga zili nyankhalala, ikuyenda modzandila. Inafika pachigoba cha madzi, inamwa pang'ono movutika, ndipo inatembenuka kubwelela komwe inachokela. Wilbroad anaitsatila chapatali. Inadutsa kuseli kwa dimba, ikugwa ndi kudzuka, mpaka pachulu china chomela zitsamba. Pamenepo inalowa pansi pa chitsamba n'kukhala.

Atagwada n'kusuzumila anaona chisa cha masamba ouma. Nkhukundemboyo sinabedwe. Inabisala kuti iikile ndi kufungatila, ndipo matenda anaipeza pamene inkabwela kudzamwa madzi pamodzi ndi nkhuku za m'mudzi. Inamuyang'ana koma sinathawe. Khosi linali litayamba kupindika. Wilbroad anakhala pansi pambali pake, osadziwa chochita, ndipo dzuwa lisanapendeke kwenikweni inatambalitsa miyendo n'kufa.

Anaichotsa pachisa. Pansi pake panali mazila asanu ndi anayi, aakulu, a timadontho tofiila, onse ofunda. Anakumba dzenje lakuya pambali pa chulu naikwilila, monga anauzidwa kuti yakufa ndi chitopa isadyedwe kapena kutayidwa poyela. Kenako anavula malaya, nayala m'chipewa, naikamo mazila aja limodzilimodzi.

Anapita kwa amai Keziah.

"Zanga palibe yofungatila," anatelo amai Keziah. "Pamudzi pano ilipo imodzi yokha, thadzi lamawanga la apongozi anu. Langoyamba kumene."

"Mungandipitile?"

"Awa ndi mazila a mwana wawo, a Mbewe. Pitani nokha. Fulumilani asanazizile."

Amai Ennie anali pakhonde akusankha nyemba. Tasila anali m'tulo pamphasa pambali pawo. Wilbroad anagwada pakati pa bwalo, ali chifuwa pamtunda, chipewa atachikumbatila.

"Amai," anatelo, "ndabwela ndi vuto."

Aka kanali koyamba kuwalankhula mwachindunji. Amai Ennie anadzutsa mutu modabwa, ndipo maso awo anagwela m'chipewa. Anaika lichelo pansi.

"Nkhukundembo inasowa ija yapezeka?"

"Yapezeka, koma yafa. Inali pachulu kuseli kwa dimba. Yasiya awa."

Amai Ennie anadzuka, nabwela pafupi, natenga dzila limodzi. Analigwila ndi manja awili kwa nthawi. Misozi inayamba kutsika, osaipukuta.

"Mwana wanga anazitenga ku Luembe zili tianapiye," anatelo. "M'katoni, pa basi. Ndinamuuza kuti zimenezi sizikula, zimafa ndi mame omwe. Anazilelela m'khichini mwanga, pambali pa mafuwa. Ndinkamukalipila tsiku lililonse chifukwa cha zitosi."

Anabweza dzila m'chipewa. Kenako nkhope yawo inasintha.

"Koma make wafa ndi matenda. Simundiphela thadzi langa? Ndi lokhalo limaswa bwino."

"Sindidziwa, amai. Ndifunse."

Anaimbila foni mlangizi wa ku Petauke uja. Maiyo anati mazila asatsukidwe ndi madzi, angopukutidwa ndi kansalu kouma, ndipo Wilbroad asambe m'manja ndi sopo, asinthe zovala asanayandikile nkhuku. Anati popeza thadzilo linatemeledwa ndipo nthawi yapitapo, liyenela kulimba, koma sangalonjeze. Anatinso thadzi silingakute mazila onsewo, choncho awaunike kaye ndi tochi mumdima, asankhe amoyo.

Wilbroad anafotokoza zonse, osabisa kuti lonjezo palibe. Amai Ennie anayang'ana kukhichini kumene kunali chisa.

"Kasambeni," anatelo. "Mubwele ndi tochi yanuyo."

Malo amdima masana amenewo anali m'nyumba mwa apongozi, mmene Wilbroad anali asanalowemo chikwatilile. Anavula nsapato pakhomo. Amai Ennie anatseka chitseko, natchinga zenela ndi chitenje. Iwo ankagwila dzila, iye n'kuunika ndi tochi ya foni kunsi kwake. Dzila loyamba linali mbee, kuwala kukudutsa. Lachiwili linali ndi mdima waukulu mkati, ndi timitsempha tofiila m'mbali.

"Chagwedezeka!" anatelo amai Ennie. "Mwaona? Chagwedezeka!"

"Ndaona, amai."

Amoyo anapezeka asanu ndi limodzi. Amai Ennie anapita okha kukhichini, nanyamula thadzi likulila, nachotsa mazila ake onse n'kuikapo a nkhukundembo. Thadzilo linayang'ana mazila achilendowo, linawagubuduza ndi mlomo, linazungulila, kenako linadzitukumula n'kukhala. Mazila a thadzi aja amai Ennie anaphikila Tasila.

Panalibe ankadziwa kuti nkhukundembo ija inayamba liti kufungatila, choncho panalibenso ankadziwa tsiku loswa. Mlangizi anangoti a nkhukundembo amachedwa kuposa a nkhuku. Okutobala anatentha koopsa. Amai Ennie ankawaza madzi pansi mozungulila chisa kuti mazila asaume, ndi kuthila phulusa m'nthenga za thadzi kuti utitili usalisautse. Wilbroad ankabwela m'mawa uliwonse asanapite kumsewu, ndi gaga ndi madzi. Ankaima pakhomo la khichini n'kufunsa, ndipo ankayankhidwa. Nkhani zinkayambila pa nkhuku, koma tsiku lina amai Ennie anamufunsa ngati amai ake ku Katete akali ndi mphamvu zolima. Tsiku linanso iye anawauza kuti Tasila amalila akaona chitenje chobiliwila cha amake, ndipo amai Ennie anati achibweletse achisunge iwo mpaka mwanayo akule.

Thadzi silinadwale. Linangoonda, ndipo tsiku lina linatuluka n'kuyamba kusamba fumbi kwa nthawi yaitali ngati laiwala. Amai Ennie analithamangitsa kuzungulila nkhokwe, chitenje chili m'manja, mpaka analigwila n'kulivundikila ndi dengu pachisa.

M'masiku omwewo a Febian ananena tsiku la mwambo.

Kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, m'mawa wina amai Ennie anaima pakati pa bwalo n'kuitana mokweza, anthu onse akumva: "Atate a Tasila! Bwelani!"

Pansi pa phiko la thadzi panasuzumila kamutu kotuwa, ka khosi lalitali. Pofika madzulo tinali titatu, ndipo kutacha kanaswa kachinayi. Dzila lina mwana anafela mkati atabowola kale chigoba. Lotsala silinachite kanthu.

Vuto linali kudya. Thadzi linkaitana, kujompha pansi, kuitananso, koma tianato tinkangoima chilili, tikuyang'ana kumwamba ndi kulila. Wilbroad anaimbanso foni. Atamaliza anaphika dzila, naliphwanya, nasakaniza ndi gaga wosefa ndi masamba oduladula. Anagona chafufumimba pakhomo la khichini, nayamba kugogoda mbale ndi chala ngati mlomo wa nkhuku. Anagogoda mpaka chala kuwawa. Potsiliza kamodzi kanayandikila, kanajompha chikhadabo chake, kenako kanajompha chakudya.

Amai Ennie anaseka mpaka kugwila chipupa. "Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kusanduka make nkhuku!" Chimwalilile Hellen anali asanasekepo chotelo.

Tsiku la mwambo abale anasonkhana pabwalo la a Febian. Kunabwelanso achimwene ake a Wilbroad kuchokela ku Katete. Anapemphela, ndipo a Febian analankhula kuti mkamwini wawo anasunga bwino mwana wawo, anamudwazika, anamuika, ndipo tsopano alibe mangawa. Ali womasuka kupita ndi kukwatila. Anati za nyumba eni mudzi aona chochita nayo, ndipo mwana atsala ndi ambuya ake.

Wilbroad anathokoza. Anati wapeza ntchito ku Petauke kwa munthu wokonza njinga zamoto, ndipo ku Katete sabwelela pakali pano. Anapempha kuti azibwela kudzaona mwana.

A Febian asanayankhe, amai Ennie analankhula kuchokela kumphasa ya azimai.

"Nyumba ija musaigwile. Anamanga yekha, ndi yake. Akabwela azigona momwemo. Mwanayu amake anapita, ife tisamulandenso atate ake."

"Mlongo wanga, munthuyu tamumasula," anatelo a Febian. "Akakwatila kwina, nyumbayo idzakhala ya yani?"

"Tidzaona pamenepo. Lelo ndanena zimenezi."

A Febian anakanda m'mutu, nayang'ana amuna anzawo. Palibe anatsutsa, ndipo nkhaniyo inathela pomwepo.

Wilbroad anayamba ntchito ija ku boma, ku Petauke. Ankagona m'kachipinda kuseli kwa galaja, ndipo Loweluka lililonse masana ankapalasa kubwela kumudzi, n'kubwelela Lamulungu akatuluka m'tchalitchi. Mvula yoyamba inapeza tinkhukundembo tili panja amai Ennie ali kumunda. Kamodzi kananyowa kwambili, ndipo ngakhale anakafunditsa pambali pa moto, kanafa. Amai Ennie sanadikile Loweluka, anabweleka foni n'kumuuza tsiku lomwelo. Iye anawatonthoza kuti titatu tilipo, ndipo atabwela anamanga kakhola kofolela bwino, kokwela pamwamba kuti chinyezi chisafike.

Kumayambililo kwa chaka anabwela ndi akatemela awili, wa chitopa wa mudzi wonse ndi wa nthomba, umene mlangizi anati nkhukundembo zimaufuna chifukwa udzudzu wa dzinja umazipatsa zilonda kumutu. Ulendo uno kabotolo anagwila amai Keziah, iye akuwaonetsa, popeza sakanatha kupezeka nthawi zonse. Makomo amene anakana kale anatsekela nkhuku zawo osauzidwa kawili.

Atamaliza mudzi anafika kwa apongozi. Nkhukundembo zitatu zija zinali zitaposa kale thadzi limene linaziswa, ziwili zazikazi ndi imodzi yaimuna. Amai Ennie anagwila yoyamba, naipanikiza pachifuwa, Wilbroad akukonza kasingano.

"Atate a Tasila," anatelo, maso ali pa mbalameyo, "mukadzapeza munthu ku bomako, musadzabise. Mudzabwele naye kuno tidzamuone. Mwanayu adzafuna kumudziwa."

Wilbroad anaima, kasingano kali m'manja.

"Sindinaganizeko zimenezo, amai."

"Ndikudziwa. Ndangonena kuti mudziwe." Anakweza mwendo wa nkhukundemboyo. "Bayani msanga, ikundikala. Zinazo zathawila kuseli kwa nkhokwe."